Phunziro 18: Tidziwe Mitundu ya Mphesa

Mlimi wa kuno ku Milange sachita kuuzidwa kuti chinangwa chili mitundu iwiri. Akangoona mtengo ndi masamba ake amadziwa kuti ichi n'chokoma, tikhoza kuphika lero lomwe, koma icho n'chowawa, chiyenera kuviikidwa kaye m'madzi. Amayi pa msika sasokoneza nthochi za sukari ndi za kabuthu. Ngakhale mwana amazindikira mango a maboloma akali patali. Achikulire amene anagwirako ntchito m'minda ya tiyi m'munsi mwa phiri la Tumbine amadziwanso kuti pali tiyi wa masamba aang'ono ndi tiyi wa masamba aakulu. Nzeru yosiyanitsa mbeu tinakula nayo.

Lero, amayi ndi abambo, titenga nzeru yomweyo kuti tiphunzire za mbeu imene ambiri a ife sitinailimepo. Mbeuyo ndi mpesa. Wina afunsa kuti: nanga ife tili nawo chiyani mpesa? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, mabotolo a vinyo timawaona m'masitolo, ndipo pa botolo lililonse pali mau olembedwa. Chachiwiri, achinyamata ena a ku Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe amapita kukagwira ntchito m'minda ya zipatso ku South Africa, ndipo ina mwa mindayo ndi ya mphesa. Chachitatu, ena a ife amafuna kubzala mpesa pakhomo, ndipo akhoza kutaya ndalama ndi zaka zitatu za thukuta ngati agula mtundu wosayenera nyengo yathu.

Mfundo ya phunziro lathu ndi iyi: mphesa sizifanana. Mtundu uliwonse uli ndi dzina lake, khalidwe lake ndi dziko limene umakonda.

MPESA NDI MPHESA

Mpesa ndi chomera choyanga, monga magalagadeya. Umafuna thandala kapena waya woti ugwire. Zipatso zake ndizo mphesa, ndipo zimabala m'matsango. M'tchire mwathu muli zomera zina zoyanga zobala tizipatso takuda m'matsango. Amenewo ndi abale ake a mpesa, koma vinyo wa m'mabotolo sachokera kwa iwo. Mpesa wa vinyo akatswiri amautcha Vitis vinifera, ndipo kwao ndi kumaiko a kumalire a Ulaya ndi Asia. M'dziko la Georgia anthu ofukula zakale anapeza mitsuko yadothi yokhala ndi zotsalira za vinyo wa zaka pafupifupi 8,000 zapitazo.

Kuyambira kalelo alimi akhala akusankha mipesa yabwino ndi kuipatsa maina. Bungwe loona za mphesa ndi vinyo pa dziko lonse, lotchedwa OIV, linanena mu 2017 kuti mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 10,000. Koma mitundu 13 yokha ndiyo yadzaza gawo limodzi mwa magawo atatu a minda yonse ya mphesa.

Mpesa amaubzala monga timabzalira chinangwa. Amadula kanthambi ka mpesa wabwino n'kukazika m'dothi. Kanthambiko kamabala zipatso zofanana ndendende ndi za mayi wake. Njere sizitero. Njere imatuluka pamene mungu wagwera pa duwa, ndipo mpesa womera ku njere umakhala mtundu watsopano umene palibe akuudziwa. Nthawi zambiri zipatso zake sizikhala zabwino.

Koma nthawi zina njere imabala mwayi. Mu 1997 akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya California ku Davis, m'dziko la America, anaonetsa kuti mtundu wotchuka wa Cabernet Sauvignon makolo ake ndi awiri: mphesa yakuda yotchedwa Cabernet Franc ndi mphesa yoyera yotchedwa Sauvignon Blanc. Ziwirizi zinakwatirana zokha m'munda wina ku France zaka mazana angapo zapitazo. Mipesa yonse ya Cabernet Sauvignon imene ili m'dziko lapansi lero inachokera ku mpesa umodzi umenewo, mwa kudula nthambi ndi kubzala, kudula ndi kubzala.

Choncho munthu akatigulitsa njere n'kunena kuti ndi mtundu wakutiwakuti, tisamvere. Mtundu umayenda m'nthambi.

MPHESA ZAKUDYA NDI MPHESA ZA VINYO

Chimanga cha ufa ndi chimanga cha mbuliuli n'chimanga chonse, koma ntchito yake ndi yosiyana. Mphesa nazonso zili choncho.

Mphesa zakudya ndi zazikulu, zofutukuka, za khungu lopyapyala. Zambiri zilibe njere. Mlimi wake amafuna kuti zioneke bwino ndi kupirira ulendo wautali osaphwanyika. Mtundu wodziwika ndi Thompson Seedless, umene ena amati Sultana. Mtundu womwewu amauumikanso padzuwa kuti zikhale mphesa zouma zoika m'makeke. Ku South Africa mphesa zakudya zimalimidwa kwambiri m'chigwa cha mtsinje wa Hex, pafupi ndi tauni ya De Doorns. Wogwira ntchito kumeneko amaphunzira kudula tsango mosamala, kuchotsa zipatso zoonongeka ndi kulongedza m'makatoni.

Mphesa za vinyo ndi zazing'ono, za khungu lochindikala, za njere, ndiponso zamadzi ambiri. Kuziona sizikopa maso. Koma zikapsa zimatsekemera kuposa zakudya zija. M'madzi ake shuga amafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene m'mphesa zakudya kawirikawiri safika gawo limodzi mwa magawo asanu. Kuchepa kwa chipatso n'kofunika, chifukwa tizipatso tating'ono tili ndi khungu lambiri poyerekeza ndi madzi ake, ndipo m'khungumo ndimo muli mtundu ndi fungo la vinyo.

VINYO AMAPANGIDWA BWANJI?

Pofulula mowa wa masese timafuna chimera. Ntchito ya chimera ndi kusandutsa ufa kukhala shuga, ndipo ndiye chifukwa chake thobwa limatsekemera. Kenaka tizamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa yisiti, timadya shugayo n'kutulutsa mpweya ndi ukali woledzeretsa. Apo timati mowa wawira.

Mphesa sizifuna chimera, pakuti shuga alimo kale. Amangozifinya, madziwo n'kuwasiya kuti awire. Yisiti amapezeka pa khungu la mphesa, ndipo opanga vinyo ambiri amathiramo wina wosankhidwa. Botolo limodzi la vinyo limafuna mphesa zopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Popeza zothiramo ndi zochepa chotere, vinyo amatengera khalidwe la mphesa imene wachokerako, monga mwana atengera makolo.

Pali zinthu zinayi zimene zimasiyanitsa mtundu wina ndi unzake.

Choyamba ndi khungu. Tikasenda mphesa yakuda tidzaona kuti m'kati mwake ndi moyera. Kufiira konse kuli m'khungu. Vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makungu masiku angapo. Vinyo woyera amawira atachotsa makungu. Akasiya makungu akuda maola ochepa okha, vinyo amatuluka wofiirira pang'ono. Mitundu yokhala yofiira m'kati momwe ndi yowerengeka, ndipo umodzi ndi Alicante Bouschet, umene amalima kwambiri ku Alentejo, kum'mwera kwa Portugal. M'khungu ndi m'njere mulinso chinthu chotchedwa tanini. Tonse tinachilawapo. Ndicho chimaumitsa m'kamwa ndi kumanga lilime tikaluma nthochi yosapsa, kapena tikamwa tiyi wopanda shuga amene wakhalitsa m'ketulo. Mphesa ya khungu lochindikala ili ndi tanini wambiri.

Chachiwiri ndi shuga. Shuga akachuluka, ukali wa vinyo umachulukanso. Yisiti akadya shuga yense vinyo satsekemera. Akamuimitsa asanatsirize, vinyo amakhala wotsekemera.

Chachitatu ndi kuwawasa, konga kwa mandimu. Mphesa yosapsa imawawasa kwambiri. Ikamapsa shuga amakwera, kuwawasa kumatsika. Kumalo otentha kuwawasa kumatha msanga, kumalo ozizira kumakhalitsa. Mlimi wanzeru amakolola pamene ziwirizi zalingana.

Chachinayi ndi nthawi yakupsa. Pali mitundu yocha msanga ndi yochedwa, monga zilili nyemba ndi nandolo.

MITUNDU YAKUDA

Maina otsatirawa ndi achilendo pa lilime lathu. Tisachite nawo mantha. Tidzawatchula pamodzi m'kalasi, limodzilimodzi, mpaka azolowereke.

Cabernet Sauvignon. Kwao ndi ku Bordeaux, m'dziko la France. Zipatso zake ndi zazing'ono, za khungu lolimba, ndipo zimachedwa kupsa. Vinyo wake ndi woderako kwambiri, womanga lilime, ndipo amasungika zaka zambiri. Mwa mphesa zonse za vinyo, uwu ndiwo mtundu wobzalidwa kwambiri: mahekitala pafupifupi 340,000 m'chaka cha 2015.

Merlot. Nawo ndi wa ku Bordeaux. Umapsa msanga kuposa Cabernet Sauvignon, khungu lake ndi lopyapyala pang'ono, ndipo vinyo wake ndi wofewa m'kamwa. Alimi a kumeneko amabzala mitundu iwiriyi m'munda umodzi n'kusakaniza vinyo wake. Mvula ikaononga wochedwa uja, wocha msanga amakhala atakolola kale. Ifenso timachita chimodzimodzi tikamabzala mbeu zocha msanga pambali pa zochedwa.

Pinot Noir. Kwao ndi ku Bourgogne, ku France komweko. Khungu lake ndi lopyapyala, ndipo zipatso zimathithikana m'tsango, choncho zimaola msanga chinyezi chikachuluka. Umakonda malo ozizira. Ndi mtundu wovuta kulima. Vinyo wake ndi wofiira mopepuka.

Syrah. Ku South Africa ndi ku Australia ambiri amati Shiraz, koma mphesa yake ndi imodzi. Kwao ndi kuchigwa cha mtsinje wa Rhône. Umapirira kutentha, ndipo vinyo wake amamveka kafungo konga ka tsabola wakuda.

Pinotage. Uwu ndi mtundu wobadwira mu Africa muno. Mu 1925 mphunzitsi wa za mphesa pa sukulu ya ukachenjede ya Stellenbosch, Abraham Izak Perold, anakwatitsa mitundu iwiri: Pinot Noir, wokoma koma wovuta, ndi Cinsaut, wopirira dzuwa ndi wobereka kwambiri. Alimi a ku Cape ankatcha Cinsaut kuti Hermitage, ndipo maina awiriwo atalumikizidwa panatuluka dzina lakuti Pinotage. Dzinali linaoneka koyamba pa botolo mu 1961.

Touriga Nacional. Uwu ndi wa ku Portugal, ku zigawo za Douro ndi Dão. Umabala pang'ono, tizipatso tating'ono takuda bii, koma vinyo wake ndi wamphamvu. Ndi umodzi mwa mitundu yopangira vinyo wotsekemera wa Porto.

MITUNDU YOYERA

Timati zoyera, koma kwenikweni mphesazi ndi zobiriwira kapena zachikasu.

Chenin Blanc. Kwao ndi kuchigwa cha mtsinje wa Loire ku France, koma lero South Africa ili ndi minda yambiri ya mtundu uwu kuposa France. Ndiwonso mtundu wobzalidwa kwambiri m'dzikomo. Alimi a ku Cape ankautcha Steen kwa zaka zambiri osadziwa kuti ndi mphesa yomwe ija ya ku Loire, mpaka katswiri wina wa ku Stellenbosch, C. J. Orffer, anafananiza masamba ake mu 1963. Ubwino wake ndi wakuti sutaya kuwawasa ngakhale kutenthe.

Chardonnay. Ndi wa ku Bourgogne, umaphuka ndi kupsa msanga, ndipo umalimidwa m'maiko ambiri. Kumalo ozizira vinyo wake amamveka ngati mandimu, kumalo otentha ngati chinanazi.

Sauvignon Blanc. Uyu ndi kholo lija la Cabernet Sauvignon. Vinyo wake ndi wowawasa, wa fungo longa la udzu wongomweta kumene kapena la magalagadeya.

Muscat wa ku Alexandria. Ku South Africa amati Hanepoot, ku Portugal amati Moscatel. Ndi mphesa yaikulu yonunkhira, yokonda kutentha. Imagwira ntchito zonse zitatu: kudya, kuumika ndi kupanga vinyo wotsekemera.

Alvarinho. Ndi wa kumpoto kwa Portugal, ku Monção ndi Melgaço, kumene mvula imagwa yambiri. Khungu lake lochindikala limauteteza kuti usaole msanga.

Tione chinthu chimodzi pano. Syrah ndi Shiraz, Steen ndi Chenin Blanc, Hanepoot ndi Moscatel: maina awiri, mphesa imodzi. Izi sizachilendo kwa ife a m'malire, amene chinthu chimodzi timachitchula m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi.

MTUNDU ULIWONSE ULI NDI KWAO

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi mitundu imeneyi ingachite bwino kuno?

Tiyambe taona nyengo ya ku Cape. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mipesa yayoyola masamba ndipo ikupuma. Kuyambira Januwale mpaka Malichi kumatentha ndi kuuma, ndipo ndiyo nthawi yokolola. Mphesa zimapsa padzuwa, popanda kunyowa. Ku Portugal nakonso mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira.

Kuno zinthu n'zotembenuka. Mvula yathu imagwa kukutentha, kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo. Mpesa ukasiyidwa kuti utsate nyengo, zipatso zimapsa pakati pa dzinja. Madzi akachuluka mphesa zimang'aluka, shuga amachepa, ndipo tsango limaola. Masamba amagwidwa ndi matenda a chuku. Ngakhale mvula itatha, mu Juni ndi Julayi timalandira chifunga ndi mvula yowaza ya chiperoni, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'boma lathu lomwe lino. Chinyezi chimenechi tiyi amachikonda, ndipo ndicho chifukwa chake tiyi amakondwa kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mulanje. Koma chimene tiyi amakonda, mpesa wa ku Ulaya umadana nacho. Pinot Noir wa khungu lopyapyala uja, kuno tingangomuvutitsa.

Pali mtundu wina wochokera ku America wotchedwa Isabella, kapena Isabel. Ndi mphesa yakuda, ndipo tikaifinya ndi zala khungu limavuka lokha. Fungo lake ndi lamphamvu, ndipo Apwitikizi amati limafanana ndi la chipatso cha morango. Akatswiri a vinyo saulemekeza, ndipo ku Ulaya malamulo salola kugulitsa vinyo wake. Koma umapirira chinyezi ndi matenda kuposa mitundu ya ku Ulaya. N'chifukwa chake ku Brazil, kumadera a mvula yambiri, alimi ang'onoang'ono amaulima kwambiri, kuti adye, afinye madzi akumwa ndi kupanga vinyo wamba. Kwa munthu wa kuno wofuna mthunzi ndi zipatso za ana pakhomo, mtundu wopirira wotere ndi wanzeru kuposa mtundu wa dzina lotchuka.

Alimi a maiko ena otentha anapezanso njira yosinthira nthawi yokolola. Mpesa ukaduliridwa umaphuka, ndipo pakapita miyezi inayi kapena isanu zipatso zimapsa. Choncho mlimi akhoza kusankha mwezi wodulira powerengera mwezi umene afuna kukolola. Kum'mwera kwa chigawo cha Minas Gerais ku Brazil, kumene mvula imagwa kukutentha monga kuno, alimi amadulira kawiri pa chaka kuti mphesa zipse m'miyezi youma, ndipo Syrah ndiye wachita bwino ndi njirayi. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yochepa, amakolola kawiri pa chaka. Amalima Chenin Blanc ndi mtundu wakuda wotchedwa Makutupora, dzina la malo a komweko. Kuno kwathu miyezi youma ndi yotentha ndi Seputembala ndi Okutobala. Wofuna kuti mphesa zake zipse m'miyezi imeneyo ayenera kudulira mvula ikangotha, kuthirira m'chilimwe monga timachitira kudimba, ndi kupopera mankhwala a kopa nthawi ya chiperoni. Mankhwala a kopa amene alimi a tomato amawadziwa anayambira m'minda ya mphesa: katswiri wa ku Bordeaux, Millardet, ndiye anafalitsa mu 1885 njira yosakaniza kopa ndi laimu.

Palinso nkhani ya mizu. M'zaka za m'ma 1860 kachirombo kotchedwa phylloxera kanalowa mu France kuchokera ku America. Kamayamwa mizu mpaka mpesa kuuma. Kanaononga minda yambiri ku Ulaya, ndipo mu 1886 kanafika ku Cape. Mankhwala analephera. Chimene chinapulumutsa alimi ndi kumezanitsa, monga timachitira ndi mango ndi malalanje. Anatenga mizu ya mipesa ya ku America, imene imapirira kachiromboka, n'kumezanitsapo nthambi za mitundu ya ku Ulaya. Mpaka lero mipesa yambiri ya vinyo ili ndi mizu ya mtundu wina ndi nthambi za mtundu wina. Zipatso zimatsata nthambi.

Mpesa umayamba kubala bwino m'chaka chachitatu. Choncho tisanagule mbande tifunse dzina la mtundu wake, tipite kukaona mayi wake ali ndi zipatso, ndiponso tifunse alangizi a zaulimi. Tiyambe ndi mipesa iwiri kapena itatu. Safunsa anadya phula.

VINYO WOPANDA DZINA

Nthawi ya atsamunda, dziko la Portugal linkatumiza kuno vinyo wambiri m'migolo. Wabwino ankamwa eni ake. Wotsalira, woonjezeredwa ukali, ndipo kawirikawiri wothiridwa madzi ndi eni makantina, ndiye ankagulitsa kwa anthu akuda, makamaka kum'mwera, kumene amuna ankabwera ndi ndalama kuchokera ku migodi ya ku Joni. Boma la atsamunda linkaletsa zakumwa zofululidwa m'midzi kuti vinyo wao ayende malonda. Nyuzipepala ya O Africano, imene João Albasini ndi anzake anayambitsa ku Lourenço Marques mu 1908, inadzudzula malonda amenewa. Mu 1973 wolemba mbiri José Capela anatulutsa buku la nkhaniyi lotchedwa O Vinho para o Preto. Vinyo ameneyo analibe dzina la mphesa, analibe chaka, ndipo womwa sankadziwa chimene chili m'kapu mwake.

Ku Cape vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, nthawi ya Jan van Riebeeck. Minda ya mphesa ya kumeneko inakula ndi thukuta la akapolo, ndipo ena mwa iwo anatengedwa ku Mozambique kuno. Ukapolo utatha, eni minda anapitiriza kulipira antchito gawo la malipiro ao ndi vinyo wotsika. Mchitidwewu unkatchedwa dop. Lamulo linauletsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina unapitirira mpaka m'ma 1990. Zipsera zake zikalipo: mabanja ambiri anazolowera kuledzera, ndipo ana ambiri anabadwa ndi ubongo wovulala chifukwa amayi ao ankamwa ali oyembekezera. Mwana wathu akapita kukagwira ntchito kumeneko adziwe kuti malipiro ndi ndalama, ndipo kulipira munthu ndi vinyo ndi mlandu.

TIWERENGE PEPALA LA PA BOTOLO

Makolo athu ankapatsidwa chakumwa chopanda dzina. Ife tikuphunzira kuwerenga. Nawa mau a Chipwitikizi amene timawapeza pa mabotolo:

Uva ndi mphesa. Casta ndi mtundu wa mphesa. Tinto ndi wofiira. Branco ndi woyera. Seco ndi wosatsekemera. Doce ndi wotsekemera. Colheita ndi kukolola, ndipo chaka cholembedwa pambali pake ndicho chaka chimene mphesazo zinathyoledwa.

Ku South Africa ndi ku Ulaya lamulo limati dzina la mtundu umodzi likalembedwa pa botolo, magawo osachepera 85 mwa magawo 100 a vinyoyo akhale a mtundu umenewo. Vinyo wambiri wa ku Portugal ndi wosakaniza mitundu ingapo, ndipo pa botolo amalemba dzina la chigawo, monga Douro, Dão kapena Alentejo. Kusakaniza si chinyengo. Koma botolo labwino limaonetsa dziko lochokera, dzina la wopanga, kuchuluka kwake ndi ukali wake. Si chakumwa chofiira chilichonse chimene chinachokera ku mphesa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nambala yofunika koposa ndi ya ukali. Tikaona 13% vol, ndiye kuti mwa magawo 100 alionse, magawo 13 ndi ukali woledzeretsa. Mowa wa m'mabotolo uli ndi magawo 5 kapena pafupi pamenepo. Botolo limodzi la vinyo la 750 ml lili ndi ukali wofanana ndi mabotolo ang'onoang'ono a mowa pafupifupi 6. Mayi woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono. Woyendetsa njinga yamoto asamwe ali pa ntchito. Lamulo limaletsanso kugulitsa zoledzeretsa kwa ana osafika zaka 18.

MAU ATSOPANO

mpesa, mphesa, tsango, yisiti, tanini, kumezanitsa, kudulira, casta, colheita

TIKAMBIRANE

1. N'chifukwa chiyani mpesa amabzala nthambi m'malo mwa njere? Tchulani mbeu zathu zimene timabzala motero.
2. Kufiira kwa vinyo kumachokera kuti?
3. Mvula ya ku Cape ndi mvula ya ku Milange zisiyana bwanji? Kusiyanaku kumachita chiyani ku mphesa?
4. Munthu wabwera pa msika ndi mbande za mpesa. Timufunse mafunso ati tisanagule?

MASAMU

1. Pinotage anabadwa mu 1925, ndipo dzina lake linaoneka pa botolo mu 1961. Panapita zaka zingati?
2. Mayi ali ndi mipesa 6. Mpesa uliwonse wabala makilogalamu 4. Wakolola makilogalamu angati?
3. Mwa magawo 100 a vinyo, 85 ndi a Chenin Blanc. Magawo a mitundu ina ndi angati?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Aliyense afunse achikulire a m'mudzi mwake maina a mitundu ya chinangwa, nthochi kapena mapira imene amaidziwa. Tilembe maina asanu m'kope, ndipo pambali pa dzina lililonse tilembe khalidwe lake: locha msanga kapena lochedwa, lokonda madzi kapena lopirira dzuwa. Amene angapeze botolo lotha la vinyo abwere nalo, kuti tidzawerenge pepala lake pamodzi.

Pomaliza tilembe chiganizo ichi katatu, mwaukhondo:

Mbeu iliyonse ili ndi dzina, ndipo ine ndimatha kuliwerenga.